Sikelo ya kuchipatala kwathu komanso ya pansi pa mtengo wa mango, mmene ndazionera ndi ana anga atatu

Amayi anzanga, ndi azibambo ochepa aja mumaberekako mwana kupita naye ku sikelo, ndati ndilembe za sikelo ya kwathu kuno chifukwa sabata yatha ndili pa mzere ndinamva nesi wina akuuza mnzake kuti azimayi a dera lino ndi osamva, akangobayitsa mwana katemera wa chikuku basi sawaonanso. Mawu amenewa andikhala pa mtima mpaka lero. Kuti ambiri sabweranso nzoona, ineyo ndinalekezapo miyezi itatu, koma zoti ndi kusamva ndikukana. Ndapita ku sikelo ndi ana atatu, wachisamba wa 2017, wachiwiri wa kumapeto kwa 2021, ndi kakhanda kamene ndili nako kumsana panopa, nde ndikudziwa amene amabwera, amene amasowa, komanso zimene amanena tikamabwerera limodzi panjira, zimene sanganene pamaso pa a yunifomu.

Dzina la chipatalacho sinditchula, ndi chaching'ono cha boma kummwera kuno, ndipo sindikufuna kuti wina aone ngati ndikumunyoza. Ngati mukufuna nyenyezi, sikelo ya kuchipatala ndaipatsa 3 mwa 5, ya pansi pa mtengo imene amachititsa mlangizi wa zaumoyo ndaipatsa 4.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndipo ndi zikuluzikulu. Palibe tambala imene ndinalipirapo kuti mwana wanga abayidwe kapena kuyezedwa. Atangobadwa amalandira BCG ya pamkono ija imasiya kachipsera, yoteteza ku TB, ndi madontho a poliyo. Kenako pa masabata 6, 10 ndi 14 ndi pamene pali ntchito, jakisoni wa pantchafu woteteza ku matenda asanu pakamodzi kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, wina wa chibayo, madontho a poliyo, ndi a rota oteteza kutsegula m'mimba. Pa miyezi 9 chikuku, ndipo kuyambira 2023 anaonjezerapo wa tayifodi. Amayi anga anabereka ana asanu ndi atatu, awiri anaikidwa asanakwanitse zaka ziwiri, mmodzi ndi chikuku. Anga atatu onse ali moyo. Nde munthu akandifunsa kuti ku sikelo kuli phindu, sindichedwa kuyankha.

Koma phindu limenelo kuti ulifikire umadutsa mu zambiri, ndipo zimenezo ndi zimene zimasankha amene abwerenso mwezi wa mawa.

Choyamba nthawi. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa msika, tsiku la sikelo ndimadzuka tambala woyamba, kuphikira ana opita ku sukulu, kusambitsa kakhanda, kuyenda pafupifupi ola ndi theka, kufika cha m'ma 6 koloko kuti kabuku kanga kakhale pamwamba pa mulu. Ntchito imayamba mwina 8 koloko yadutsa, pena 9, kuyamba ndi nyimbo ndi maphunziro, zimene sindikudana nazo ayi, ndinaphunzirira pomwepo za kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 ndi za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma mutu wake umakhala womwewo mwezi ndi mwezi ndipo amene wafika 6 koloko ndi amene wafika 9 onse amadikira limodzi. Kenako mzere wa sikelo, kenako mzere wolembetsa m'kaundula, kenako mzere wa jakisoni, ukafunanso za kulera ndi mzere wina khomo lina. Ndimafika kunyumba dzuwa litapendeka, tomato wa tsiku limenelo sanagulitsidwe, wina wayamba kufewa. Mayi wa ganyu nde zake nzoposa zanga, iye tsiku limenelo ndi ufa wa madzulo umene wataya. Mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi yopalira ndi kubandira, njala ili pakhomo, mabenchi aja amakhala ndi mipata, ndipo aliyense wa kumudzi akudziwa chifukwa chake. Mwana akusewera bwinobwino, sakutentha thupi, mayi asiye ganyu kuti akangomupachika pa sikelo nkumuuza kuti ali bwino? Ambiri amawerengera choncho ndipo sindingawaweruze.

Shedi yodikirira ndi yaing'ono, theka la anthu amakhala padzuwa kapena pamvula. Chimbudzi chilipo koma madzi osamba mmanja nthawi zambiri mulibe mu ndowa ija. Izi ndingazipirire.

Chimene sindingachipirire, ndipo ndi chimene chandichotsetsa nyenyezi ziwiri zija, ndi kalankhulidwe. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine mwini. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola mlatho wa pakati pa mudzi wathu ndi chipatala, anakokololanso chimanga chathu chonse chili m'munda. Mwana wanga wachiwiri anali ndi miyezi 15, nthawi yeniyeni ya katemera wachiwiri wa chikuku. Kabuku kake kananyowa, masamba anamatana, inki inafalikira. Miyezi itatu sindinapite, poyamba chifukwa kunalibe podutsa, kenako chifukwa cha mantha, ndinkadziwa zimene zimachitikira munthu wobwera ndi kabuku kotero atajomba. Mwana anatsegula m'mimba kawiri mkati mwa miyezi imeneyo, phala lake linali la mgaiwa lopanda kanthu, nsinjiro tizitenga kuti mtedza utapita ndi madzi. Tsiku limene ndinalimba mtima nkupita, amene ankayeza anakweza kabuku kaja mmwamba kuti aliyense aone, nkunena mokweza kuti taonani amayi awa, kabuku ngati kotola kudzala, mwana watsika sikelo, mumadya nokha eti? Azimayi ena anaseka, ena anawerama. Ine misozi inali mmaso, ndikanakhala kuti sindinayende mtunda wonse uja ndikanangotembenuka.

Tsiku lomwelo, pa tebulo lotsatira, mayi wina wa zaumoyo anamuyeza mwanayo mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, kanafika pofiira. Anamudina mapazi kuona ngati akutupikana, anandikhazika pambali, anandifunsa motsitsa mawu kuti kunyumba mukudya chani. Anamulawitsa chiponde pomwepo kuti aone ngati akudya, anandipatsa cha kunyumba, nkundiuza kuti ichi ndi mankhwala a mwana uyu yekha musagawire akulu ake olo alire, ndipo muzibwera tsiku limene ndakulemberani. Anamubayanso chikuku chija. Patatha masabata angapo mwana anayamba kudzaza masaya. Ine kunyumba sindinkaona kuti wafika poipa chonchija, ukamakhala naye tsiku ndi tsiku diso limazolowera, unkangoti ndi wochepa thupi ngati bambo ake. Sikelo ndi imene inaona. Nde taganizani, chipatala chimodzi, mmawa umodzi, munthu wina anatsala pang'ono kundithamangitsa ndipo wina anapulumutsa mwana wanga. Amene mwana wake watsika sikelo ndi amene akufunika kwambiri kubweranso, koma ndi yemweyo amene amachititsidwa manyazi pagulu, nde mwezi wotsatira amakhala kunyumba. Ndawaona ambiri.

Manyazi ali mitundu yambiri pa sikelo. Mayi amene watenga pathupi mwana wakumsana asanayambe kuyenda amadziwa kuti akafika pamakhala mawu, ena ochokera kwa anesi ena kwa azimayi anzake, nde amangosiya kubwera ndi wamng'onoyo. Atsikana obereka ali pa sukulu amakhala kumapeto kwa benchi osayankhula ndi munthu. Palinso nkhani ya zovala, musaseke, tsiku la sikelo anthu amatchena, chitenje chatsopano, mwana mu shawelo yoyera ndi kachipewa, nde amene ali ndi chitenje chimodzi chong'ambika, chomwecho choberekera chomwecho chopachikira mwana pa sikelo, amamva kuti maso onse ali pa iye. Mnzanga wina anandiuza yekha kuti anajomba chifukwa analibe sopo wochapira matewera. Ndipo kwa amayi amene ali pa ma ARV, mwana amayenera kuyezedwa magazi pa masabata 6, kenako pa chaka, kenako pa zaka ziwiri, ndi chinthu chabwino kwambiri chimene chapulumutsa ana ambiri, koma ngati khomo lolowera kumeneko aliyense akuliona ndipo akudziwa tanthauzo lake, ena amasankha kupita chipatala cha kutali kumene sadziwika, thiransipoti ikasowa basi mwana wajomba.

Sindikunena kuti anthu a pachipatalapo ndi oipa mtima. Ndimawaona, anthu awiri kapena atatu pa ana odzaza shedi yonse, nesi yemweyo mwina wachezera ku matenite usiku. Kutopa ndikukumvetsa. Koma mayi uja anandikhazika pambali nayenso anali wotopa.

China chimene chimabweza anthu ndi kuuzidwa kuti lero katemera kulibe, kapena alipo koma sititsegula. Ndi kakhanda aka ndinabwezedwa kawiri pa BCG. Ndinakwiya mpaka mlangizi wa kumudzi kwathu atandifotokozera, akuti botolo limodzi la BCG limakhala la ana ambiri, mpaka 20, ndipo akangolisungunula liyenera kutha mkati mwa maola 6, lotsala amataya, chimodzimodzi la chikuku. Nde akaona kuti ana obayidwa ndi awiri okha amaumira kutsegula, amati mubwere tsiku lakuti tidzaphatikize. Chifukwa chake ndachimva tsopano, koma bwanji osatiuza pochoka ku matenite kuti BCG ndi tsiku lakuti lokha? Bwanji osalemba pa khoma ndi zilembo zikuluzikulu m'Chichewa? Mayi amene wangobereka kumene, mabala asanapole, wakwera kabaza wa njinga yamoto ndi ndalama yokongola, kumubweza kawiri, kachitatu sabwera. Ndipo kabaza sali ngati kale, chitsikireni kwacha mu Novembala 2023 komanso mafuta akamasowa mtengo umangokwera, ulendo umodzi wopita ndi kubwera ndi phindu langa la tsiku lonse.

Tsopano ya pansi pa mtengo. Kamodzi pamwezi mlangizi wa zaumoyo, amene ena amangowatchula kuti a HSA ndipo agogo amati adokotala a kumudzi, amabwera pa njinga yakapalasa ndi kabokosi kozizira ka katemera, sikelo amaikoleka pa nthambi ya mango pafupi ndi kwa amfumu. Kuchoka kwathu ndi mphindi 15 basi. Palibe benchi, timakhala pa zitenje pansi, koma ndimapita ndi mtima wopepuka. Bamboyu amadziwa mwana aliyense ndi dzina, akaona kuti wina sanabwere amafunsa kuti mayi ake a uje ali kuti, nkutuma wa komiti ya zaumoyo kapena mayi wa keyagulupu, kagulu ka anthu odzipereka oyendera mabanja pa za umoyo, kuti akawaone. Akamalemba mu kabuku amakuonetsa ndi cholembera kuti mwezi watha kadontho kanali apa, lero kali apa, mzere ukukwera nde zili bwino, ukagona kapena kutsika tiyenera kukambirana. Zaka zonse ndi wachisamba uja palibe anandionetsapo tanthauzo la mizere ija, ndinkangoona ngati ndi za iwowo. Pofika 11 koloko ndili pa msika.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa siyodalirika. Pena timasonkhana nkudikira mpaka masana osabwera, mwina aitanidwa ku maphunziro ku boma, mwina katemera sanafike chifukwa galimoto ilibe mafuta, mwina mtsinje wadzaza, ndipo uthenga sufika nthawi yabwino. Mvula ikagwa nde basi tabalalika. Akajombetsa miyezi iwiri yotsatana anthu amataya mtima, mwezi wachitatu amabwera ochepa. Komanso mwana akapezeka ndi vuto lalikulu amakutumizabe kuchipatala konkuja. Koma mutafunsa azimayi a mmudzi mwathu kuti ana awo anamaliza katemera chifukwa cha ndani, ambiri atchula bambo wa njingayu.

Za kunyumba nazo zilipo, sindingabise. Jakisoni wa pa masabata 6 uja amatenthetsa thupi, pantchafu pamatupa, mwana amalira usiku onse. Ndi wachisamba apongozi anga anati mwapita naye ali bwinobwino mwabwera naye akudwala, ulendo wina musapitenso. Ndikanakhala wofooka ndikanamvera, chifukwa kuchipatala sanandichenjeze kuti zimenezi zimachitika ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Mawu awiri okha akanakwana, akatentha thupi musadandaule, muyamwitseni pafupipafupi, zikapitirira mubwere naye. Panopa apongozi omwewo ndi amene amandikumbutsa deti, anasintha mu 2022 pamene kunapezeka mwana wa poliyo ku Lilongwe, azaumoyo nkuyamba kuyenda khomo ndi khomo kudonthezera ana. Iwo anakula akuona anthu opuwala miyendo ndi poliyo, atamva kuti wabweranso anachita mantha kuposa ine. Mmudzi mwathu muli mabanja a mpingo wina umene suloleza za chipatala, amenewo nkhani yake ndi ina, ngakhale ndikudziwa mayi mmodzi amene amabwera mobisa amuna ake akapita ku msika, kabuku amasungitsa kwa mnzake. Koma mabanja otere ndi ochepa, sangakwane kufotokoza mipata yonse ya pa benchi ija.

Azibambo. Amuna anga anapitako kamodzi ndi kakhanda aka ine ndikudwala malungo, anabwera 9 koloko isanakwane akuti anawalowetsa kutsogolo chifukwa ndi bambo. Ndinasangalala kuti anapita, ndipo ndikumvetsa kuti amachita zimenezi pofuna kukopa azibambo, koma ndinaganiziranso mayi amene alibe mwamuna, kapena amuna ake ali ku Joni, amene anafika 6 koloko nkudutsidwa. Chimene ndingapemphe azibambo si kudzaima pa mzere kokha ayi, ndi kupereka ya kabaza osafunsa kuti mwana osadwala mukupita naye kukatani, ndi kutsala ndi ana enawo pakhomo.

Nkhani ya miyezi 9 ija, imene nesi uja ankadandaula. Anthu ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chikuku ndi katemera womaliza, ena amachita kunena kuti mwana wamaliza sikelo. Si kusamva, ndi zimene anamva kwa amayi awo, chifukwa kale zinalidi choncho. Panopa pali chikuku chachiwiri pa miyezi 15. Pali vitamini A miyezi 6 iliyonse kuyambira mwana ali ndi miyezi 6 mpaka zaka 5, kakapisozi kabuluu kwa aang'ono, kofiira akakwanitsa chaka, ndi mankhwala a njoka zam'mimba kuyambira pa chaka. Ndipo maboma amene kuli katemera wa malungo, amene dziko lathu linali loyamba kuyamba kupereka mu Epulo 2019 mmaboma 11 kenako Ghana ndi Kenya, mwana amabayidwa pa miyezi 5, 6 ndi 7, nkudzamaliza wachinayi pa miyezi 22. Wachinayiyo ndi amene anthu amaphonya kwambiri mwa amene ndimacheza nawo, pakati pake papita nthawi yaitali, mwana akuthamanga, ndi wolemera kubereka mtunda wautali, mwinanso mayi ali ndi pakati pena. Mwana wanga wachiwiri analandira onse anayi, malungo anadwalapobe koma sanagonekedwepo, ndipo neti sitinasiye, anatiuza kuti katemerayu sachotsa neti.

Vuto ndi loti deti yobwerera amalemba mothamanga, manambala okhaokha pakona pa tsamba, mayi amene sukulu analekeza sitandade 3 akafika kunyumba sadziwa kuti palembedwa chani. Bwenzi akunena pakamwa, mubwere mwezi wakuti, sabata yachiwiri, kudzakhala jakisoni wakuti. Ine ndinazolowera kufunsa ndisanadzuke pa mpando, olo andiyang'ane moipa, ndipo ndikafika kunyumba ndimaika alamu mu foni. Amene muli ndi layini ya Airtel palinso Chipatala Cha Pa Foni, 54747, ndi yaulere, ndinaimbapo usiku wina kakhanda katatentha thupi pambuyo pa jakisoni ndipo anandiyankha mwaulemu, anandifunsa mafunso nkundiuza zizindikiro zoti ndikaziona ndithamangire kuchipatala. Pena umadikira pa layini koma bola.

Amene mukufuna kupita kuchipatala chathuchi kapena china chonga ichi, tengani chitenje cholimba chopachikira mwana, madzi akumwa, kachakudya ka inu ndi ka mwana ngati wayamba kudya, ndipo kabuku kazikhala mu pepala la pulasitiki nthawi zonse, ine ndinaphunzira ndi Freddy. Kakatayika kapena kunyowa pitanibe, mawu adzakhalapo mwina koma mwana amuthandiza, ndipo mu kaundula wawo zambiri zimakhalamo. Mukajomba miyezi ingapo katemera sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene munalekezera, izi anthu ambiri sadziwa ndipo amaopa kuti mwana abayidwanso onse.

Kwa akuluakulu a pachipatalapo ngati muwerenga, sindikupempha nyumba yatsopano. Yambani nthawi imene munalemba pa chitseko. Mwana akatsika sikelo mayi ake muwaitanire pambali. Masiku a BCG ndi chikuku alembedwe poonekera. Ndipo mlangizi wathu akalephera kubwera, uthenga ufike kwa amfumu dzulo lake.

Lachinayi likubwerali kakhanda kakukwanitsa miyezi 9, nde ndi chikuku ndi tayifodi, ndipita kuchipatala chifukwa ya pansi pa mtengo mwezi uno yadutsa kale. Ndapangana ndi mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, wa zaka 17, mwana wake ali ndi miyezi 5 koma analekeza pa jakisoni woyamba atakalipiridwa kuti anachedwa kubwera. Wavomera kuti tipitire limodzi ngati ndikhale naye pafupi pa mzere ndipo kabuku kake ndipereke ndine. Tinyamuka 5 koloko, tomato ndasiyira mchemwali wanga.